Mapu a pa Foni ndi Njira za ku Mitundu

Masiku ano munthu wa mumzinda wa Lilongwe akafuna kukapikula mtedza kumidzi ya ku Mitundu, kapena kukafika pasiwa kuseri kwa Nathenje, amayamba ndi mawu akuti, "Munditumizire location." Kwa iye n'chinthu chapafupi. Koma kumene pempholo lafika zinthu zimasiyana. Wina akatumiza, kadontho kamagwera pakhomo penipeni. Mnzake akatumiza, kamakagwera kutsidya kwa dambo, m'mudzi mwa mfumu ina. Wina foni yake imangozungulira osapeza pomwe ali, ndipo alipo amene pulogalamu ya mapuyo inakana kalekale kulowa m'foni mwake. Onsewa thambo lawo ndi limodzi, masetilaiti amene akuwamvera ndi omwewo. Nanga kusiyanaku kukuchokera kuti?

Ambiri amaloza chala netiweki. Nthawi zina amalasa, koma kawirikawiri nkhani imakhala ili pena. Kuti mapu akutsogolereni pamafunika zinthu zitatu zimvane: foni yeniyeniyo, zida zimene wopanga pulogalamu anamangira ntchito yake, ndi mapu amene alowetsedwamo. Za mafoni timakamba tsiku ndi tsiku, za mapu olakwika timadandaula. Chapakaticho sitichitchula n'komwe, chonsecho ndicho chimagamula kuti foni ya uje ilowe, ya uje itsale kunja. Ndipo chigamulocho chimapangidwa kutali, ndi anthu amene sanagwirepo foni yonga imene wakabaza wa pa Mitundu ali nayo m'thumba.

Tiyambe tachotsa maganizo ena amene afala. GPS siidya bandulo. Masetilaiti ake, omwe ndi a boma la America, amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kuchokera pansi pano, ndipo ntchito yawo n'kuulutsa nthawi ndi malo amene ali. Foni siiyankha kanthu, imangomvera. Ikamva masetilaiti osachepera anayi imawerengetsa yokha pomwe yaima. Kuyambira mu May 2000, pamene America inasiya kusokoneza dala uthengawu kwa anthu wamba, foni yabwino ikakhala poyera imaphonya ndi mamita ochepa chabe. Lero kulinso masetilaiti a GLONASS a ku Russia, Galileo a mayiko a ku Ulaya ndi BeiDou a ku China, ndipo foni imene imamva mitundu ingapo imapeza malo msanga kuposa yomva mtundu umodzi.

Intaneti imalowapo penapake. Uthenga wa setilaiti ya GPS umatsika pang'onopang'ono kwambiri, ma bit 50 pa sekondi, moti ndandanda yonse ya pomwe masetilaiti ali imatenga mphindi 12 ndi theka kuti ifike yonse. Foni yokhala ndi data imakatenga zimene ikufuna pa intaneti m'kanthawi kochepa. Koma foni imene yakhala masiku ili chizimire podikira ndalama yotchajitsira, ilibe data, mwini wake ali m'nyumba ya malata kapena pansi pa mango, iyenera kudikira. Ikudikira choncho imayamba yaganizira malo potengera nsanja ya netiweki imene yalumikizana nayo. Ku Area 47 kapena ku Old Town nsanja zili pafupipafupi ndipo Wi-Fi ngwosasowa, kotero kuganizirako kumayandikira. Kumidzi ya kuseri kwa phiri la Bunda nsanja imodzi imatumikira midzi yambirimbiri, ndipo foni ingaphonye ndi makilomita. Munthu akafulumira kutumiza bwalo labuluu lozungulira kadontho pa mapu lisanachepe, kadontho kamakagwera kwa eni ake ena. Mankhwala ake ngaulere: tulukani panja, dikirani bwalolo lichepe, kenako tumizani. Pulogalamu yopangidwa moganizira anthu akuno ikanamuuza munthu zimenezi m'Chichewa, n'kukana kutumiza mpaka malo atakhazikika.

Mukayenda m'mashopu a pa Mitundu kapena pa Nathenje m'mbali mwa M1, mayina amene muwaone kwambiri ndi itel, Tecno ndi Infinix, onse a kampani imodzi ya Transsion ya ku Shenzhen, ku China. Pali ma Samsung akale ndi ma Huawei otumizidwa ndi abale a ku Joni. Palinso mafoni a mabatani, amene m'midzi ndiwo ambiri, ndipo ochuluka mwa iwo alibe GPS. Opanga mafoni otchipa anachita chinthu chachikulu pofikitsa intaneti m'manja mwa mlimi, izi tisawamane. Koma mtengo sutsika wokha, pali zimene amachotsamo. Chimene chimasowa kawirikawiri ndi kampasi, kachipangizo kodziwa kumene foni yaloza. Wogulitsa sakuuzani kuti mulibe, mwina nayenso sakudziwa. Mwini foni amadziwira pamphambano: kadontho kakusonyeza pomwe waima, koma iye akatembenuka muvi sukutembenuka, mpaka atayendako ndithu, mwina kulowera kolakwika. Woyendetsa galimoto sazimva kwambiri chifukwa liwiro limaulula kumene akupita. Woyenda pansi ndi wa njinga yakapalasa ndiwo amavutika.

RAM ya mafoni amenewa imakhala 1 GB kapena 2 GB, malo osungira zinthu amakhala atadzaza kale ndi nyimbo, mavidiyo ndi zithunzi za pa WhatsApp. Kutsogolera njira ndi ntchito yolemetsa: sikirini yoyaka nthawi yonse, GPS ikumvera, mapu akujambulidwa mwatsopano sekondi iliyonse. Foni yomangidwa pa chiwongolero cha njinga yamoto mu October imatentha, n'kuyamba kuchedwa kapena kuzima kumene. Batire imene inayenera kufika madzulo imatha masana, ndipo kumudzi kopanda magetsi kutchaja n'kulipira. Mafoni omva masetilaiti pa mafunde awiri, amene amalondola kwambiri, anayamba ndi Xiaomi Mi 8 mu 2018, koma ambiri a iwo ndi odula. Poyenda ulendo kusiyana kwa mamita asanu si kanthu. Poyeza dimba laling'ono kapena malire a munda wa abale awiri, mamita asanu ndi mlandu wa kubwalo la mfumu.

Tifike tsopano pa chapakati chija. Palibe wopanga pulogalamu wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre amene amalemba yekha zonse zofunika kuti mapu aoneke pa sikirini. Amatenga zida zopangidwa kale, zimene m'ntchitoyi zimatchedwa SDK, n'kuziphatikiza mu pulogalamu yake. Zili ngati mmisiri womanga nyumba amene amagula mafelemu a zitseko ndi mawindo owotcherera kale: ntchito imafulumira, koma mpata wa chitseko amauyeza potengera felemu, ndipo wowotcherera akasintha muyezo, khoma liyenera kutsatira. Zida zodziwika ndi za Google, Mapbox, HERE, TomTom, Huawei, ndi MapLibre imene ilibe mwini mmodzi. Chida chilichonse chimabwera ndi malire ake: Android yakale kwambiri imene chingavomere, mphamvu yojambulira zithunzi imene foni iyenera kukhala nayo, ndi mapulogalamu ena amene ayenera kupezeka kale m'fonimo. Wopanga pulogalamu akasankha chida, wasankhiratu mafoni amene adzalowe, kaya wazindikira kaya ayi.

Malirewo saima pamodzi, amakwera. Chida cha mapu cha Google pa Android chimadalira pulogalamu ina yobisika yotchedwa Google Play services. Google inasiya kutumiza update ya pulogalamu imeneyi ku mafoni a Android Jelly Bean mu 2021, a KitKat mu 2023, ndi a Lollipop mu 2024. Ambiri akukumbukira kuti mu October 2023 WhatsApp inasiya kugwira pa mafoni a Android yosafika 5.0, ndi mchitidwe womwewo. Foni sikuti imafa tsiku lomwelo, koma mapulogalamu atsopano amayamba kuidumpha imodzi ndi imodzi. Kumtunda nakonso kuli chingwe chokoka. Kuyambira mu 2018 Play Store imalamula kuti mapulogalamu azikonzedwa motsatira Android yaposachedwa, ndipo mulingowo umakwezedwa chaka ndi chaka. Kuti akwanitse lamuloli wopanga pulogalamu amatenga zida zatsopano, ndipo zida zatsopanozo zimabwera zitakweza malire apansi. Motero munthu amene sanafune kutaya aliyense amapezeka wataya mlimi wa ku Mitundu, pongofuna kuti ntchito yake isachotsedwe pa Play Store. Kumayiko kumene anthu amasintha foni pakapita zaka ziwiri kapena zitatu, otsala kunja ndi ochepa. Kwathu foni imayenda kuchokera kwa malume a ku Joni kupita kwa mlongo wawo, kenako kwa mphwawo, ndipo imagwira ntchito mpaka sikirini itatheratu.

Si kuti makampaniwa amachita izi mwankhanza chabe. Android yakale ili ndi mipata imene akuba angalowerepo, ndipo kusamalira mitundu khumi ya pulogalamu imodzi kumadya anthu ndi ndalama. Pali zina zimene wopanga mapu sangazipewe n'komwe. Mu 2024 mafoni a Android 7.0 kutsika m'munsi anasiya kuzindikira ziphaso za chitetezo za Let's Encrypt, zimene makompyuta ambiri a pa intaneti amagwiritsa ntchito, kotero pulogalamu imene sinakonzedwere zimenezi inkatha kutseguka bwinobwino koma mapu osabwera. Chimene ndikutsutsa ndi kulandira malire amenewa ngati mvula, osafunsa kuti kodi pali chida china chokhala ndi malire otsika. Nthawi zambiri chimakhalapo.

Nkhani ya Huawei inaonetsa kuti ngakhale foni yatsopano ndi yamphamvu ingatsale kunja. Mu May 2019 boma la America linaletsa makampani ake kuchita malonda ena ndi Huawei, ndipo mafoni ambiri a Huawei amene anatuluka pambuyo pake alibe Google Play services. Kampaniyo inapanga mapu ake, Petal Maps, mu 2020, ndi zida zakezake za opanga mapulogalamu. Koma pulogalamu yomangidwa pa chida cha Google chokha ikalowa m'foni yotere, pamene payenera kukhala mapu pamangokhala poyera.

Google inaganizirako mafoni ofooka. Mu 2017 inatulutsa Android Go, yopangidwira mafoni a RAM yochepa, pamodzi ndi Google Maps Go. Koma Maps Go imagwira ntchito kudzera mu Chrome ndipo imadalira intaneti. Silola kusunga mapu m'foni monga ichitira Google Maps yaikulu, ndipo kuti izilankhula njira pamafunika kuikanso pulogalamu ina yapadera. Munthu wa foni yotchipa, amene ndiye amasowa data kawirikawiri, ndiye anapatsidwa mapu osayenda popanda data. Android Go nayonso malire ake akwera: kuyambira pa Android 13, mu 2022, imafuna RAM ya 2 GB.

Pali chinthu china chimene opanga mapulogalamu a m'tauni amachiiwala, ndipo ine ndimachiona kukhala chachikulu. Kumudzi anthu ambiri satenga mapulogalamu pa Play Store. Amagawana pa Xender kapena Bluetooth, kapena amakaikitsa kwa mnyamata woika nyimbo m'mamemori khadi pamsika. Kale izi zinkayenda chifukwa pulogalamu inali fayilo imodzi yokwanira foni iliyonse. Kuyambira mu August 2021 mapulogalamu atsopano pa Play Store amatumizidwa mwa njira ya App Bundle, imene imaiduladula pulogalamu n'kupatsa foni iliyonse zidutswa zoyenera iyo yokha. Izi zimapulumutsa data ndi malo, n'zoona. Koma mukatenga pulogalamu kuchokera m'foni ya 64-bit kuipereka ku foni yoyendera 32-bit, monga alili mafoni ambiri otchipa, kapena chidutswa chimodzi chikatsalira, foni imangoyankha kuti "App not installed", kapena pulogalamu imatseguka n'kudzitseka. Zida za mapu zimakhudzidwa kwambiri chifukwa mbali yake yojambula mapu imapangidwa padera pa mtundu uliwonse wa purosesa. Bungwe limene likufuna kuti pulogalamu yake ifale m'midzi liyenera kutulutsanso fayilo imodzi yathunthu yogawana pamanja, n'kuuza anthu komwe angaipeze yosasokonezedwa.

Pulogalamu ikalowa, nkhondo siinathe. Kuyambira pa Android 10, mu 2019, pamafunika chilolezo chapadera kuti pulogalamu izidziwa malo ikakhala kuti siili pa sikirini, ndipo Android 12, mu 2021, inalola munthu kupereka malo ongoyerekeza m'malo mwa malo enieni. Ndi malamulo abwino oteteza chinsinsi cha munthu, koma mafunso ake amabwera m'Chingerezi ndipo ambiri amangodina chimene chili pafupi ndi chala. Pamwamba pa izi, opanga mafoni amaikamo njira zawozawo zosungira batire, zimene zimagoneka mapulogalamu sikirini ikangozima. Mlangizi wa zaulimi akuzungulira munda wa fodya kuti auyeze, foni waika m'thumba. Pobwerera apeza kuti theka la malire lajambulika bwino, theka linalo ndi mzere wowongoka wodutsa pakati pa munda. Kuofesi adzati mlangiziyo ndi waulesi, sanayende. Chonsecho vuto linali loti pulogalamuyo inayesedwa pa foni yodula ya mwini wake, imene siigoneka mapulogalamu mwa njira imeneyo.

Ndalama nazo zimasankha chida. Mu 2018 Google inasintha mitengo ya mapu ake kwa opanga mapulogalamu n'kulamula kuti aliyense alembetse njira yolipirira, imene kwa ambiri ndi khadi la kubanki. Inkapereka ntchito yaulere ya madola 200 pamwezi, ndipo mu March 2025 inasinthanso dongosololi. Kuonetsa mapu chabe pa foni sikudula, koma kufunsa njira, kufufuza dzina la malo ndi kutsogolera zimawerengedwa ndipo zikapitirira mulingo zimalipiridwa m'madola. Kwa Mmalawi mawu akuti madola ndi olemera. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo ndalama zakunja zakhala zikusowa m'mabanki. Pulojekiti ikatha, khadi limene linalembetsedwa likasiya kugwira, mapu amazima m'mafoni onse nthawi imodzi ngakhale mafoniwo ali bwinobwino. Komanso malamulo a Google salola wopanga pulogalamu kukopera mapu awo n'kuwasunga m'foni kuti azigwira popanda intaneti. Google Maps yeniyeniyo imalola kusunga chigawo cha mapu, koma popanda intaneti imapereka njira ya galimoto yokha, osati ya woyenda pansi kapena wa njinga.

Njira ina ilipo. OpenStreetMap, imene Steve Coast anayambitsa ku Britain mu 2004, ndi mapu ojambulidwa ndi anthu odzipereka, ndipo aliyense angawakopere ndi kuwasunga malinga atchule kumene awatenga. Mapulogalamu monga OsmAnd ndi Organic Maps amalola kudawuniloda mapu a Malawi yense kamodzi, kenako n'kumatsogolera njira ya galimoto, ya njinga kapena ya pansi data ili chizimire. Pamene Mapbox inasintha chilolezo cha chida chake china mu December 2020, anthu anatenga mbali imene inali yaulere n'kupitiriza pansi pa dzina la MapLibre. ODK Collect ndi KoboCollect, zimene mabungwe ambiri kuno amachitira kafukufuku, zimalola kuika mapu m'foni ogwira popanda netiweki. Kwa Mitundu ndi Nathenje ine ndimaima kumbali imeneyi, ndipo sindibisa. Koma chaulere chili ndi mtengo wake. Palibe ofesi yoimbira foni zinthu zikasokonekera, pamafunika munthu waluso amene adzakhalepo zaka, ndipo zida zimenezi nazonso zimakweza malire ake, ngakhale kuti wopanga pulogalamu ali ndi ufulu wokhalabe pa chida chakale n'kumachikonza yekha.

Foni ikhale yabwino, chida chikhale choyenera, zonse zimagwa ngati mapu eni ake sakudziwa dera. M1 kuchoka mumzinda kudutsa Nanjiri, Nathenje ndi Kamphata mpaka pa Diamphwe ili bwino pa mapu alionse, chimodzimodzi msewu wochoka pa Bunda Turn-off kupita ku Mitundu. Mukangotsika pa phula nkhani imasintha. Misewu yambiri ya m'midzi inajambulidwa poyang'ana zithunzi za m'mwamba. Chithunzi chimaonetsa mzere wofiira, koma sichinena ngati ndi msewu wa galimoto kapena njira ya ngolo, ngati pamtsinje pali mlatho wa simenti, wa mitengo, kapena anthu amangowoloka pamchenga m'chilimwe. Kompyuta yosankha njira imakonda yaifupi ndi yachangu. Mu August ikhoza kukhoza. Mu February njira yomweyo imalowa m'dambo ndipo lole ya feteleza imagona momwemo. OpenStreetMap ili ndi malo olembapo zonsezi, kuti msewu ndi wafumbi, kuti umadutsika nyengo ina yokha, kuti pali powolokera popanda mlatho, koma wolemba ayenera kukhala munthu amene wapondapo.

Kujambula mapu kwa mtundu umenewu kuno kwakhala kukutsata ngozi. Mu 2014 bungwe la Humanitarian OpenStreetMap Team linagwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi ya Surveys pojambula midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa, patangotsala miyezi kuti madzi osefukira a January 2015 afike. Namondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 anakokeranso maso a ojambula kuchigawo cha kummwera. N'zoyenera kutero. Koma dera la mtendere ngati kumwera kwa Lilongwe, kumene kumachokera chimanga, soya, mtedza ndi fodya wopita ku Kanengo, silikhala ndi tsiku limene dziko lonse limaliyang'ana. Mu 2021 Google inatulutsa Open Buildings, ndandanda ya nyumba za mu Africa zozindikiridwa ndi kompyuta pa zithunzi za m'mwamba. Imaona madenga, koma siidziwa kuti denga ili ndi chigayo, ilo ndi sikelo ya ana. Mayina a midzi nawo amavuta: midzi imatchedwa ndi mayina a mafumu, imagawikana, dzina limodzi limapezeka m'madera angapo ndipo limalembedwa mosiyanasiyana, moti wofufuza angatumizidwe ku boma lina.

Amene amasakaniza mapu akale a boma ndi a pa foni asamale chinthu chimodzi. Mapu akale a Surveys anayezedwa pa muyezo wa Arc 1950, pamene GPS imayendera WGS 84. Manambala a malo amodzi pa miyezo iwiriyi amasiyana ndi mamita mazana angapo. Chida chimene sichitembenuza bwino chingaike mjigo pakati pa manda, kapena kusuntha malire a mudzi wonse.

Za maadiresi ndidutsapo msanga. MACRA yakhala ikuyendetsa ntchito yopereka mayina a misewu ndi manambala a nyumba, kuyambira m'mizinda. Plus Codes a Google amapatsa malo alionse nambala yaifupi, ndipo ubwino wake ngwakuti amawerengetsedwa popanda intaneti komanso angatumizidwe pa SMS ku foni ya mabatani. Chimene chimandikhudza kwambiri ndi mawu otsogolera. Foni imalankhula Chingerezi, ikunena za mamita 300 ndi dzina la msewu. Munthu wa kwa Chadza salongosola njira motero. Amati mukafika pa mjigo mukhotere kumanja, mudutse tchalitchi cha CCAP, mukaona mtengo wa kachere mwafika. Kutanthauzira mawu a foni m'Chichewa n'kotheka, ndipo OsmAnd imalola mawu ojambulidwa ndi munthu. Koma chofunika kwambiri n'chakuti mijigo, zigayo, matchalitchi, mizikiti ndi masukulu zikhale pa mapu, kuti pulogalamu ikhale ndi chotchula. Ngakhale njira yapadera ya njinga zamoto, imene Google inayamba ku India mu 2017 n'kufikitsa ku Kenya mu 2018, imatsegulidwa dziko ndi dziko, kotero wopangira akabaza pulogalamu ayambe waona ngati chida chake chikupereka zimenezi ku Malawi asanalonjeze kanthu.

Wina anganene kuti zonsezi n'zosafunika kwenikweni. Wakabaza wa pa Mitundu amadziwa njira iliyonse yopita ku Dickson kapena ku Malingunde, ndipo akulu anati kufunsa ndi kudziwa njira. Ndikuvomereza: mwini dera safuna foni kuti imuuze kwawo. Koma phindu la mapu kwa iye ndi lakuti ena amupeze. Dalaivala wa ambulansi usiku wa mvula, pamene kulibe womufunsa m'njira. Wogula soya amene akadafika pakhomo mlimi sakadagulitsa motchipa kwa vendala. Mlangizi watsopano amene wapatsidwa midzi yambiri. Onsewa ndi alendo. Ndipo boma lalowa kale m'njira imeneyi. Kalembera wa 2018 anachitika ndi matabuleti. Alangizi a zaumoyo akuphunzitsidwa kulemba ntchito yawo mu iCHIS, yomangidwa pa DHIS2. Lamulo la malo a makolo la 2016 limafuna kuti minda iyezedwe polembetsa. Makampani a fodya amalemba malo a minda ya alimi awo. Munthu amene foni yake kapena mudzi wake sukuoneka m'zinthu zimenezi amayamba kusowa m'kaundula.

Bungwe likagulira antchito ake matabuleti a mtundu umodzi, vuto la kugwirizana limabisala zaka ziwiri kapena zitatu, n'kudzatulukira pamodzi tsiku limene chida chakweza malire, ndalama za pulojekiti zitatha. Likadalira mafoni a anthu eni ake, vutolo limaoneka tsiku loyamba, ndipo ndi bwino kutero chifukwa wopanga pulogalamu amakhala adakalipo. Koleji ya Bunda, ya yunivesite ya LUANAR, ili m'njira yomweyi ya ku Mitundu. Ophunzira ake amapita kale m'midzi yozungulira kukachita kafukufuku. Atamabwerako atalemba pa OpenStreetMap mtundu wa msewu, milatho ndi mijigo imene adutsa, mothandizana ndi akabaza ndi mafumu odziwa mayina, dera limeneli lingakhale ndi mapu odalirika popanda kudikira namondwe.

Kwa inu a maunduna, makhonsolo ndi mabungwe amene mumasainira makontirakiti a mapulogalamu okhala ndi mapu: musavomere mawu akuti "imagwira pa Android" popanda kufunsa kuti Android yake iti. Lembani m'kontirakitimo foni yofooka kwambiri imene pulogalamu iyenera kugwirapo, dzina lake ndi RAM yake, yogulidwa pamsika wa m'dera limene ntchito ikupita. Funsani kuti chida cha mapu ndi cha yani, chimalipiridwa ndi ndalama yanji, ndipo adzalipira ndani pulojekiti ikatha. Ndipo musanapereke ndalama yomaliza, mutengeni wopanga pulogalamuyo mupite naye kuseri kwa Mitundu m'dzinja, muzimitse data, mupatse foni yotchipayo mlangizi wa komweko, aiyese inu mukuona. Ikakana, musalipire mpaka itakonzedwa.